Mphika wa Pansi pa Boneti

Chifukwa chake galimoto imene inapita ku Mzuzu ndi kubwerako bwinobwino imakawirira pa mzere wa ku Ginnery Corner

Munthu amene anayendapo pa msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala, pa nthawi ya kuweruka kwa antchito, pamene dzuwa lapendeka koma phula likali kufuka moto, ndi phiri la Ndirande likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire, adziwa chimene ndifuna kusimba ndisanachitchule n'komwe. Magalimoto amakhala atandandalika kuyambira ku Ginnery Corner kufikira ku Chichiri, akusuntha pang'ono ndi kuimanso monga anthu operekeza maliro. Ndipo pakati pa mdipiti umenewo sipalephera kupezeka galimoto imodzi imene yapatukira pambali, boneti ili yasa ngati ng'ona yowothera dzuwa, nthunzi ili tolotolo, mwini wake ataima chapatali, manja ali m'chiuno, akuyang'ana chuma chake monga mlimi ayang'ana nkhokwe yake ilikupsa.

Kwa zaka zambiri ine ndinali mmodzi wa odutsa, aja amene amapukusa mutu nanena mumtima kuti eni magalimoto otere ndi anthu osasamala. Koma makolo sananame pamene anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti tsiku lina Lachisanu, ndikuchokera m'tauni kunka ku Limbe, muvi wa geji ya kutentha, umene kwa zaka zinayi unakhala pakatikati osasuntha kotero kuti ndinaiwala kuti uli ndi ntchito, unayamba kukwera pang'onopang'ono kulinga ku chizindikiro chofiira. Ndinauona ndithu, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti mzere usuntha posachedwa. Mzere sunasunthe. Posakhalitsa ndinamva fungo lotsekemera ngati la shuga wopserera, kenaka nthunzi inatulukira m'mphepete mwa boneti, ndipo ndinakhotera pambali manyazi atandigwira, mahutala akulira kumbuyo kwanga.

Anyamata ogulitsa malonda mumsewu sachedwa kufika pamene pagwa tsoka, ndipo mmodzi anadza chothamanga ndi chigubu cha madzi, nati, "Bwana, tsegulani tithire, izizira pompano." Dzanja langa linali litafika kale pa chivindikiro cha rediyeta pamene mkulu wina wa imvi, wovala ovolosi yothimbirira ndi oilo, amene anali kuyenda pansi kupita kwawo, anandigwira pamkono.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu, "ku chipatala cha Gulupu n'kufupi ndithu, koma si bwino kupitako ndi nkhope yosupuka. Tiyeni tikhale pansi, tiulekere mphikawu upole."

Tinakhala m'mphepete mwa ngalande koposa theka la ola, ndipo m'kucheza kwathu ndinazindikira kuti mkuluyo anali makaniko wa ku Ndirande, amene anakalambira pansi pa malole ndi mabasi. Injini itapola, anathira madzi mwa kachetechete, nandiuza kuti ndiilize ndi kuyatsa makina oziziritsa m'kati. Iye anasuzumira kumbuyo kwa rediyeta, nandikodola kuti ndidzaone ndi maso anga. Fani inali chiimire. Pamenepo anatsegula bokosi la mafyuzi, nazula kabokosi kakang'ono kakuda kamene amakatcha relay, nakasinthanitsa ndi kanzake kofanana nako ka hutala, ndipo nthawi yomweyo fani inayamba kuzungulira ndi mkokomo umene ndinazindikira kuti sindinaumve kwa miyezi yambiri.

"Musalinamizire dzuwa, bambo, ndipo musaunamizire mzerewu," anatero akupukuta manja. "Galimoto yanuyi inadwala kalekale, koma mphepo ya pa msewu wautali inali kuibisira matenda."

Mau a akuluakulu akoma akagonera, ndipo awa anagonera mwa ine kufikira ndinafuna kudziwa chenicheni chimene chimachitika pansi pa boneti.

MOTO WOSUNGIDWA M'CHITSULO

Injini ya galimoto ndiyo ng'anjo imene anthu anaiphunzitsa kuyenda. M'kati mwa masilinda ake, petulo kapena dizilo amayaka kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo pa kuyakako moto umapitirira madigiri 2,000, chikhalirecho aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene amapangira mutu wa injini zambiri za masiku ano, amasungunuka pa madigiri 660 okha. Ndiponso mwa mphamvu yonse imene ili m'mafuta amene tiwagula ndi thukuta lathu, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, kapena locheperapo, ndilo limatembenuza mateyala. Gawo lina limathawa pamodzi ndi utsi kudzera ku ekizozi, ndipo lotsalalo limakhala m'chitsulo monga kutentha kumene kuyenera kuchotsedwa msanga, kuti ng'anjoyo ingadzidye yokha.

Ntchito yochotsa kutenthako inapatsidwa kwa madzi. Pampu imawakankha m'tinjira tozungulira masilinda ndi mutu wa injini, kumene amasenza moto, napita nawo ku rediyeta. Kumeneko amagawikana m'timapaipi tating'ono tambirimbiri tokhala ndi zipsepse zopyapyala, ndipo mphepo yopita pakati pa zipsepsezo imawalanda kutentha, nabwerera ku injini atapola. Mayi amene amathira phala la mwana m'mbale yotakasuka ndi kuliuzira amachita chimodzimodzi, pakuti nzeru yake ndi yomweyo: chotentha chitambasuke, mphepo ichikhudze ponseponse. Zonse zikamayenda bwino, madziwo amakhala pa madigiri pafupifupi 90, osatsika kwambiri ndi osakwera kwambiri, ndipo muvi uja umakhala phee pakati pa geji.

Nkhondo imeneyi ndi yakale monga galimoto yomwe. M'chaka cha 1888, mayi wina wa ku Germany, Bertha Benz, mkazi wa Karl Benz, anatenga galimoto imene mwamuna wake anapanga, nayenda ndi ana ake aamuna awiri kuchokera ku Mannheim kufikira ku Pforzheim, mtunda wa makilomita pafupifupi 100; ndipo popeza galimotoyo inali kuzizira mwa kungowiritsa madzi ndi kuwataya monga nthunzi, ulendowo unali wa kuima pa zitsime ndi kutunga. Patapita zaka zochepa, mmisiri Wilhelm Maybach anakonza rediyeta ya timabowo tambiri tonga malesa a njuchi, imene inaikidwa pa galimoto yoyamba ya Mercedes ya 1901, ndipo kuyambira pamenepo madzi omwewo anayamba kuzungulira osatha. Chotero kondakitala wa minibasi amene ayenda ndi chigubu pansi pa mpando, nathira madzi pa siteji iliyonse, wabwerera ku masiku a Bertha Benz osadziwa, ngakhale galimoto yake inapangidwa kuti isamamwe madzi chotero.

CHIMENE MZERE UMATILANDA

Pamene galimoto ithamanga makilomita 80 pa ola pa msewu wa ku Zalewa, mphepo imalowa yokha kutsogolo, yochuluka ndi yaulere, kotero kuti ngakhale fani itafa, ngakhale rediyeta itatsekeka pang'ono, madzi amazizirabe ndipo mwini galimoto amafika kwawo akuitamanda. Koma ikaima pa mzere, mphatso imeneyo imachotsedwa. Injini imene pa liwiro imazungulira ka 2,500 pa mphindi imatsika kufika pa ka 700 kapena 800, ndipo pampu ya madzi, popeza m'magalimoto ambiri imayendetsedwa ndi injini yomweyo kudzera pa lamba, nayo imafooka. Pamwamba pa izi, dalaivala amene watopa ndi dzuwa amayatsa makina oziziritsa m'kati, ndipo makinawo ali ndi karediyeta kawokawo kamene kamakhala patsogolo penipeni pa rediyeta ya injini, kotero kuti kamphepo kochepa kamene kalowa kamafika katatenthedwa kale. Onjezaninso mpweya wamoto wotuluka m'lole imene yaima kutsogolo kwanu, ndi kutentha kokwera kuchokera m'phula, ndipo mudzaona kuti pa mzere moyo wonse wa injini uli m'manja mwa fani.

Mafani ali a mitundu iwiri. M'magalimoto aang'ono ambiri muli fani ya magetsi, imene imagona kufikira madzi atatentha ndithu, pamenepo n'kudzutsidwa. Ndipo pakati pa batire ndi faniyo pali tinthu tingapo, fyuzi, relay, mawaya ndi kachipangizo koyeza kutentha, timene kalikonse ka ito kakafa fani siidzukanso. M'magalimoto akuluakulu ambiri, monga mapikapu, maminibasi ndi malole, fani imayendetsedwa ndi lamba, ndipo pakati pake pali kachikho kokhala ndi mafuta olemera kamene kamaigwiritsa mphamvu pamene kwatentha. Mafutawo akatha, faniyo imazungulirabe, ndipo munthu woyang'ana ndi maso angalumbire kuti ili moyo, chikhalirecho ikungopukusa mapiko osakoka mphepo. Palinso chikombole cha pulasitiki chimene chimazinga fani, chimene amakaniko ena akachichotsa pokonza china sachibwezeranso poyesa kuti ndi chokongoletsa chabe. Koma popanda icho fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo mwa kuukoka kupyola mu rediyeta.

Pano ndipo pali chizindikiro chimene mwini galimoto aliyense akhoza kuchiwerenga popanda chitsulo m'manja. Galimoto imene imatentha poima, nizizira ikangoyamba kuthamanga, kawirikawiri mlandu wake uli pa fani. Koma imene imakhala bwino m'tauni, nitentha pokwera phiri la ku Chikwawa kuchokera ku Thabwa, kapena pa Khwekhwerere pochoka ku Golomoti, kapena pa Chiweta kumpoto, imeneyo ikunena za rediyeta yotsekeka, pampu yotha mano, kapena madzi operewera, pakuti pa chitunda injini imabala moto wochuluka kuposa umene njira zake zofooka zingathe kuchotsa.

ANTCHITO ONYOZEKA

Mwa zonse zili pansi pa boneti, palibe chonyozeka koposa chivindikiro cha rediyeta, ndipo ndi zochepa zimene zili ndi ntchito yoposa yake. Ana a sukulu amaphunzira kuti madzi amawira pa madigiri 100, ndipo n'zoona m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Koma ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira pa madigiri 97 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo injini imene ntchito yake imachitikira pa 90 yatsala ndi danga lochepa ndithu. Chivindikiro ndicho chimakuza dangalo. Chili ndi sipuling'i ndi mphira zimene zimapanikiza madzi m'kati, ndipo madzi opanikizidwa amachedwa kuwira. Nambala ija yolembedwa pamwamba pake, 0.9 kapena 1.1 pa magalimoto ambiri a ku Japan, ndiyo muyeso wa kupanikizako, umene umakankhira kuwira kwa madzi kufika pafupi ndi madigiri 120. Mphira ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amayamba kubwata pa kutentha kumene injini yabwino ikanakupirira. Ndipo amene anataya chivindikiro natseka pakamwa pa rediyeta ndi nsanza kapena jumbo wayenda pa msewu ndi mphika wosavundikira.

Wantchito wachiwiri ndi themositati, kachitseko kamene kamatseka njira ya ku rediyeta injini ikali yozizira, nikatseguka pamene madzi afika pa madigiri 82 kapena kupitirirapo pang'ono. M'magalaja athu muli chiphunzitso chofala chakuti kachipangizo kameneka anakapangira maiko a chipale chofewa, ndi kuti kuno kotentha n'koyenera kukazula ndi kukataya. Ndipo sindikana kuti themositati ikakanirira chitsekere, injini imawira m'mphindi zochepa. Koma mankhwala a chitseko chokanirira ndiwo chitseko chatsopano. Injini yopanda themositati imachedwa kufunda m'mawa wa mwezi wa Juni, makamaka ku malo ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, ndipo injini yozizira imamwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga. Kuwonjezera apo, m'injini zambiri kachitseko komweko kakatsegula njira ya ku rediyeta kamatsekanso kanjira kachidule kobwerera m'injini, kotero kuti kakachotsedwa, madzi ena amangozungulira m'kati osafika kumene akazizire. Amene akayika ngati themositati yake ili moyo aiike m'mphika wa madzi pa mbaula, ndipo adzaiona ikutseguka madzi asanabwate.

Wachitatu ndi madzi enieniwo. Magalimoto ambiri a m'misewu yathu anayamba atumikira eni ake ku Japan, nadza pa sitima ya pamadzi kufikira ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Ndipo amafika ali ndi madzi ofiira kapena obiriwira mu rediyeta, amene ndi madzi osakanizidwa ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol pamodzi ndi ena oletsa dzimbiri. Ife tikaona kuti atsika, timathiramo a pa mpope kapena a pa mjigo, mwezi uno pang'ono, mwezi wamawa pang'ono, kufikira mankhwala aja atasukuluka. Amene afuna kudziwa chimene madzi a pa mjigo amachita m'timapaipi ta rediyeta asuzumire m'ketulo ya kunyumba kwake, aone chikhungwa choyera chimene chamatirira pansi. Ndipo amene watsegula rediyeta yake napeza madzi ofanana ndi a mtsinje wa Mudi nthawi ya dzinja, adziwe kuti dzimbiri likudya injini yake kuchokera m'kati. Ena rediyeta ikadontha amaswera dzira m'menemo, kapena kumata sopo pobooka, ndipo nzeru zotere zingamfikitse munthu kwawo usiku umodzi. Koma chimene chatseka bowo chimatsekanso timapaipi. Ndichenjezenso kuti mankhwala a mu rediyeta ndi poizoni wotsekemera, wokhoza kupha mwana kapena galu, ndipo sayenera kusungidwa m'botolo la zakumwa.

Chodabwitsa n'chakuti tonsefe timadziwa kusamala galimoto kunja. Timaitsukitsa kawiri pa sabata, timapaka mateyala mankhwala kuti anyezimire, timayala nsalu pa mipando. Koma boneti timaitsegula pokhapokha nthunzi itatiitana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

TSIKU LA TSOKA LIKAFIKA

Komabe ngakhale wosamala tsoka limampeza, pakuti paipi ya mphira imakalamba, ndipo marediyeta a masiku ano, amene mitu yawo ndi ya pulasitiki, amang'aluka ndi zaka. Chifukwa chake n'kofunika kudziwa chochita pamene muvi wayamba kukwera, kapena, m'magalimoto aja opanda geji, pamene kanyali kofiira kayaka m'malo mwa kobiriwira kapena kabuluu kamene kamaoneka m'mawa injini ikali yozizira.

Choyamba ndi kuzimitsa makina oziziritsa m'kati. Chachiwiri chimaoneka ngati misala, koma n'chanzeru: kutsegula mawindo onse ndi kuyatsa hita pa mphamvu yake yonse, pakuti hita ndi karediyeta kena kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, kamene kamatenga moto wa injini ndi kuuponyera pa miyendo yanu. Mudzatuluka thukuta ngati muli pa ng'anjo ya njerwa, koma mwina mudzagula mphindi zokwanira kufika pa malo oima. Ngati hitayo ikutulutsa mphepo yozizira pamene injini ili yamoto, kapena muvi umene unali pamwamba wagwa mwadzidzidzi, musakondwere, pakuti kawirikawiri kumeneko ndiko kunena kuti madzi atha ndipo palibenso chimene chikufika pa choyezera. Muvi ukafika pofiira, kapena nthunzi ikaoneka, palibenso za kukambirana: patukani, zimitsani injini, ngakhale a kumbuyo alize mahutala motani, ngakhale kunyumba kwatsala kilomita imodzi yokha.

Pamenepo ndipo pafunika kudekha kuja kumene mkulu wa ku Ndirande anandiphunzitsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi a mu rediyeta yotentha ali pamwamba pa madigiri 100, ndipo chimene chikuwaletsa kusanduka nthunzi ndi chivindikiro chokha. Mukachitsegula, onse amabwata nthawi imodzi natumphukira kumaso ndi m'manja. Dikirani theka la ola kapena kuposapo, ndipo paipi yaikulu ya pamwamba ikakhala ikali yolimba poifinya ndi nsalu, dikiranibe. Ikafewa, phimbani chivindikiro ndi nsalu yochindikala, muchipotoze pang'ono kufikira mpweya utatuluka wonse, nkhope mutaipatutsa, ndipo pokhapo muchichotse. M'maminibasi a Toyota Hiace, m'mene injini ili pansi pa mipando ya kutsogolo, chenjezo ili likulirapo, ndipo dalaivala wanzeru amayamba watsitsa anthu asanatukule mpando.

Musathire madzi ozizira m'injini yamoto, kapena kuikhuthulira chigubu pamwamba monga ena amachitira pofuna kuipoza msanga. Amayi onse adziwa chimene chimachitika kwa mphika wadothi wochoka pa moto ukaviikidwa m'madzi ozizira. Mutu wa injini nawo ungapindike kapena kung'aluka mwa njira yomweyo. Ikapola, thirani pang'onopang'ono, ndipo pa tsiku lotere madzi alionse oyera ndi abwino koposa kusowa madzi, malinga mukafika muwakhetse ndi kuikamo oyenera. Mukatero yang'anani pansi ngati pakudontha, ilizeni, ndipo muone ngati fani idzuka.

Pali zizindikiro zitatu zimene zikaoneka, ulendo watha ndipo galimoto iyenera kukokedwa: oilo wosanduka ngati tiyi wa mkaka, utsi woyera wochuluka wosaleka ku ekizozi ngakhale injini yafunda, ndi thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa rediyeta injini ikulira. Zimenezi zimanena kuti gasiketi, chophimba chopyapyala chimene chimalekanitsa moto, madzi ndi oilo pakati pa mutu ndi thunthu la injini, yapsa. Pamenepo mutu uyenera kumasulidwa ndi kupita nawo kwa amisiri a makina kuti akaupale ukhalenso wosalala, ndipo galimoto imagona ku galaja masiku ambiri. Ndipo amene aumirira kuyendabe adzafika pamene zitsulo zigwirana, injini n'kufa ndithu. Kabokosi kakuda kamene kanandigwetsa ine mtengo wake sunapose wa nkhuku ya chikuda. Ndikanaumirira kukafika ku Limbe, ndikanagulitsa ng'ombe. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

MIZINDA IKUKULA, MPHEPO IKUCHEPA

Pamene Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala tauni imodzi m'chaka cha 1956, msewu wa pakati pawo unali wa magalimoto owerengeka, ndipo munthu wamba anali kuyenda pa njinga kapena pa basi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mu mzinda wa Blantyre, ndi pafupifupi miliyoni imodzi mu Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975. Ndipo mphunzitsi, namwino ndi wamalonda wa mumsika, amene atate awo sanalotepo za chiwongolero, lero ali ndi kagalimoto kawo, chimene ndi chinthu chokondweretsa. Koma onsewa amatuluka m'nyumba ola limodzi ndi kuweruka ola limodzi, nakumana pa milatho ndi pa mphambano zomwezo. Ku Lilongwe anamanga msewu wodutsana m'mwamba ku Area 18, umene unatsegulidwa mu 2020, ndipo misewu ina yakuzidwa. Komabe aliyense amene anayesapo kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town madzulo a Lachisanu la kumapeto kwa mwezi adziwa kuti mzere wakhala mnansi wathu wokhazikika. Masiku amene mphepo ya pa msewu inali kutibisira kusasamala kwathu akutha, pakuti maola amene galimoto ya m'tauni imakhala chiimire injini ikulira akuchulukirachulukira.

Chimene chitsalira kwa mwini galimoto ndi mwambo waung'ono, wosafuna ndalama kapena sukulu. Kamodzi pa sabata, m'mawa injini isanalire, atsegule boneti, aone madzi m'kabotolo ka pambali ngati ali pakati pa mizere iwiri, aone maonekedwe ake, afinye mapaipi ngati afewa kapena atupa, ayang'ane lamba ngati wang'ambika, ndi pansi pamene galimoto inagona ngati pali dontho. Madzi akamatsika sabata ndi sabata, pali pamene akutulukira, ndipo kuthira ena sikutseka bowolo. Mwezi wa Seputembala usanathe, pamene dzuwa liyamba kuwawa, aimike galimoto pabwalo injini ikulira kufikira itafunda, adikire kumva fani ikudzuka ndi kugonanso; ndipo zipsepse za rediyeta, zimene zimadzaza ndi fumbi, udzu ndi tizilombo ta m'njira, azitsuke ndi madzi osathamanga kwambiri.

Mkulu uja sindinamuonenso. Anakana ndalama imene ndinam'patsa, nati ya minibasi yokha ikwanira, ndipo potsazikana anandikumbutsa kuti ndikagule relay mawa lomwelo, popeza tsopano ndinali ndi fani koma ndinalibe hutala. Ndinayenda madzulo amenewo kufikira ku Limbe wopanda choliza, pakati pa anzanga amene anali kuliza zawo mwaukali kwa mzere wosamva, ndipo sindinasowe kanthu. Kuyambira tsiku lija ndili ndi chizolowezi chimene ana anga amandiseka nacho: tikaima pa mzere wa ku Chichiri dzuwa lili pamutu, ndimatsitsa wailesi, ndi kuwapempha kuti akhale chete pang'ono, kufikira nditamva pansi pa boneti kamkokomo kaja kakuyamba, pamenepo ndimakwezanso nyimbo, ndipo tidikira pamodzi ndi ena onse kuti mzere usunthe.